Kusambira, Kupalasa ndi Kuthamanga M'nkhungu ya ku Luwawa

Nthawi inali itangopitirira 7 koloko m'mawa pamene ndinaima m'mphepete mwa damu la Luwawa nditavala kabudula yekha, mano akugundana. Tsidya lina la damu silinkaoneka. Nkhungu inali itakhala pamadzi, ndipo kamvula kowaza kankagwa mosalekeza, kaja kamene sikanyowetsa msanga koma kamalowa mpaka m'mafupa. Mlamu wanga anali kale m'bwato, nkhafi ili m'manja. Mkazi wanga ndi mwana wathu wamwamuna wa zaka 12 anaima pamtunda atafunda bulangeti limodzi.

"Alamu, madziwa safunda chifukwa chowayang'ana," anatero mlamu wanga. "Lowani, apo ayi tibwerere ku boma."

Ndinali ndi zaka 46, mimba itatsogola, ndipo chichokereni ku sekondale ndinali ndisanachitepo masewera alionse.

Chimene chinandifikitsa pamenepo

Kwathu ndi ku Kasungu, koma ntchito ya mu ofesi inandifikitsa pa boma la Mzimba zaka 8 zapitazo. Mzimba ndi boma lalikulu kuposa onse m'Malawi muno tikatengera kukula kwa malo, koma tauni yake ndi yodekha. Ili pambali, kumadzulo kwa msewu wa M1, motero amene akuthamangira ku Mzuzu amaidutsa osaiona. M'mawa mumamva mabelu a anyamata a kabaza, mumakumana ndi ngolo zokokedwa ndi ng'ombe, ndipo nthawi ndi nthawi mumaona galimoto yochokera ku Joni ikutsitsa katundu wa ana a kuno amene akugwira ntchito kumeneko. Munthu wa mu ofesi m'tauni yotere akhoza kutha chaka chathunthu osatuluka thukuta. Ine ndinkachoka pampando wa kunyumba kupita pampando wa kuntchito, masana tchipisi cha pachiwaya ndi chakumwa chotsekemera, madzulo nsima yambiri ndi ndiwo zamchere.

Tsiku lina mutu utandivuta ndinapita kuchipatala. Atandiyeza BP anapeza 158/98, ndipo atabwereza masiku ena manambala sanasinthe kwenikweni. Anandifotokozera kuti kuyambira pa 140/90 kupita m'mwamba ndiye kuti magazi akuthamanga mopitirira muyezo. "Bambo, mankhwala tikupatsani," anatero dokotala, "koma mchere muchepetse, ndipo miyendoyi muziigwiritsa ntchito." Ananditchulira muyezo wa bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, woti munthu wamkulu azichita zolimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa mlungu.

Pobwerera kunyumba ndinkangoganiza za bambo anga. Iwo anagwa ndi sitiroko ali ndi zaka 58, ndipo anakhala zaka zitatu pamkeka, akumva zonse koma osatha kuyankha. Ndinawerengera kuti ine ndikadzafika zaka zimenezo mwana wanga adzakhala atangoyamba kumene kudziimira payekha.

Maganizo a triathlon anabwera ndi mlamu wanga, mchimwene wa mkazi wanga. Kwawo ndi ku Chintheche, anakulira m'madzi, ndipo anagwirapo ntchito zaka zingapo ku Cape Town komwe ankaonerera mipikisano imeneyi. Triathlon ndi masewera atatu otsatizana popanda kupuma: kusambira, kupalasa njinga, kenako kuthamanga. Mpikisano woyamba wa mtundu wa masiku ano unachitika mu 1974 ku San Diego m'dziko la America, ndipo masewerawa analowa mu Olimpiki mu 2000 ku Sydney. Ku Olimpiki amasambira kilomita imodzi ndi theka, kupalasa makilomita 40 ndi kuthamanga makilomita 10. Ulipo wina waufupi umene ongoyamba kumene amaukonda: mamita 750 m'madzi, makilomita 20 panjinga ndi makilomita 5 wapansi. Ifeyo tinagwirizana zopanga wathuwathu wapabanja, wopanda wopikisana naye. Njinga ndi kuthamanga tinazisiya momwemo, koma kusambira tinadula kufika pa mamita 400.

Miyezi 6 yokonzekera

Ndinayamba mu January, nditafunsa kaye kuchipatala ngati mtima wanga ungalole. Milungu yoyamba ndinkangoyenda mwandawala mphindi 30 kusanache bwino. Kenako ndinayamba kuthamanga kuchoka pa pholo lamagetsi limodzi kufika pa lina, lotsatiralo n'kuyenda. Pang'onopang'ono ndi mtolo: pofika April ndinkatha makilomita 5 osaima.

Njinga ndinagula yakale, ya magiya, ndipo ndinkapalasa m'msewu wolowera ku Embangweni. Dera limeneli ndi la Angoni, amene anawoloka Zambezi mu 1835 motsogozedwa ndi Zwangendaba, ndipo likulu la Inkosi ya Makhosi M'mbelwa lili ku Edingeni. Ku Embangweni kuli mishoni yakale imene Donald Fraser anakhazikitsa mu 1902, pamodzi ndi chipatala chake. Msewu umadutsa m'minda ya chimanga ndi fodya, m'midzi ya makola a ng'ombe, ndipo munthu aliyense wokumana naye amakupatsa moni. Chimene chinanditsitsa mtima ndi anyamata a kabaza. Ine ndili wefuwefu pachitunda ndi magiya anga onse, mnyamata amandipitirira pa njinga yopanda giya, atakweza mayi ndi thumba la chimanga, n'kutembenuka kunena kuti, "Monire adada!" mpweya uli bwinobwino.

Kusambira ndiko kunali kovuta, popeza ndinkangodziwa kuphiriphitha kwa pamtsinje tili ana. Katatu konse tinapita kwawo kwa mlamu wanga ku Chintheche, ndipo iye anandiphunzitsa kutulutsira mpweya m'madzi ndi kupumira cham'mbali. Kumeneko madzi ndi ofunda, mchenga ndi woyera, dzuwa lili phwee. Ndinabwerako ndikudziyesa katswiri. Sindinaganizeko kuti madzi a kunyanja ndi madzi a pamwamba pa Viphya mu June ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Ulendo wa ku Luwawa

Dzuwa la Sabata litalowa tinapopa matayala ndi kulongedza zakudya, ndipo m'bandakucha wa Lamulungu tinanyamuka. Titafika pa M1 tinakhotera kumwera, mbali ya ku Jenda, kudutsa dera la nkhalango ya Perekezi komwe nthawi ya dzinja amayi amandandalika mabeseni a bowa m'mbali mwa msewu. Kenako tinasiya tala n'kulowa kum'mawa mumsewu wafumbi wa makilomita pafupifupi 10. Kuboma tinasiya nyenyezi zikuwala, koma titangoyamba kukwera tinalowa m'nkhungu, ndipo pagalasi la galimoto panayamba kuoneka timadontho.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Luwawa ili pa mamita oposa 1,500 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, pamene nyanja ya Malawi ili pa mamita osakwana 500. Munthu akakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Mu June ndi July mphepo ya mwera imawomba kuchokera kumwera chakum'mawa itanyamula chinyontho, ndipo ikagunda mapiri a Viphya imakwera, n'kuzizira, n'kusanduka nkhungu ndi kamvula kowaza. Anzathu a ku Thyolo ndi ku Mulanje nyengo yotere amaitcha chiperoni, kutengera dzina la phiri la Chiperone la ku Mozambique.

Damu la Luwawa lazunguliridwa ndi mitengo ya paini ndi mabango, ndipo chapafupi pali malo ogona alendo a Luwawa Forest Lodge. Okonda njinga zam'mapiri amawadziwa malowa chifukwa cha mpikisano umene wakhala ukuchitika kuno m'mwezi wa June. Safunsa anadya phula, choncho tisanalowe m'madzi tinafunsa anthu a pamalopo za mbali yabwino kusambira, ndipo tinabwereka bwato loti mlamu wanga aziyenda nalo pambali panga.

M'madzi

Nditangoviika chifuwa, mpweya unandithawa. Ndinayamba kupuma mofulumira ngati mwana amene walira kwambiri, ndipo mtima unkagunda mpaka m'makutu. Umu ndi mmene thupi limachitira likalowa mwadzidzidzi m'madzi ozizira: munthu amakoka mpweya mosafuna, kupuma kumathamanga, ndipo BP imakwera. Amene walumphira m'madzi akuya akhoza kukoka madzi m'malo mwa mpweya pa mphindi yoyambayo. N'chifukwa chake munthu wa vuto la mtima kapena BP sayenera kuyesa zimenezi asanalankhule ndi dokotala, ndiponso sayenera kudumphiramo.

"Imani pomwepo, alamu, mapazi ali pansi," anatero mlamu wanga. "Musasambire. Thirani madzi kumaso ndi m'khosi, muzitulutsa mpweya pang'onopang'ono."

Patapita mphindi ziwiri kapena zitatu kupuma kunakhazikika. Ndinayamba kusambira motsata gombe, osapita pakati. Madzi anali akuda, osaoneka pansi, ndipo ndikadzutsa mutu ndinkangoona mphuno ya bwato ndi mabango. Pa mamita 200 tinatembenuka. Pobwerera manja anayamba kulemera, zala zikukana kugwirana, ndipo kawiri ndinagona chagada kuti ndipume. Nditagunda matope ndi bondo ndinadziwa kuti gawo loyamba latha. Ndinatuluka thupi lonse lili psuu, ndikuseka ngati wopenga.

Apa ndi pamene ndinalakwitsa. Ndinadzipukuta mwachangu, n'kuvala malaya a thonje opanda manja pamwamba pa kabudula wonyowa yemwe uja.

"Abambo, valani juzi ndi jekete," anatero mkazi wanga.

"Ndikangoyamba kupalasa nditenthedwa," ndinayankha, n'kukwera njinga.

Panjinga

Misewu ya m'nkhalango ya Viphya ndi ya dothi lofiira, ndipo ikanyowa imaterera ngati therere. Walira mvula walira matope. Makilomita oyamba anali okwera, ndipo ndinatenthedwadi. Fungo la paini wonyowa linali ponseponse. Mitengo imeneyi si yachilengedwe kuno. Kudzala kwakukulu kunayamba mu 1964 ndi cholinga chopezera mitengo fakitale ya mapepala imene sinamangidwe, ndipo nkhalangoyi inakula kufika mahekitala pafupifupi 53,000, kukhala imodzi mwa nkhalango zazikulu zodzala anthu mu Africa. Paini wochuluka ndi wa mtundu wa Pinus patula, umene kwawo ndi ku Mexico. Lero wopalasa njinga amaona zonse ziwiri: pena mumdima wa mitengo italiitali, pena phiri lonse lili zitsa zokhazokha, zina zakuda ndi moto wolusa, pena timitengo tatsopano tofika m'chiuno. Pamalo oyerawo mphepo imawomba popanda choitchinga.

Titadutsa kilomita ya 12 msewu unayamba kutsetsereka. Potsika munthu sapalasa, motero thupi silipanga kutentha, koma mphepo imawirikiza. Malaya anga anali atanyowa ndi mvula ndi thukuta, atamatirira pakhungu. Ndinayamba kunjenjemera mpaka chiwongolero chinkagwedera. Pakona ina ndinafuna kugwira mabuleki koma zala sizinamvere, ndipo ndinapezeka ndili m'ngalande, bondo litasupuka.

Mlamu wanga, amene ankanditsatira pa njinga ina, anandidzutsa n'kundifunsa ngati ndavulala. Ndinayankha kuti ndili bwino, koma iye anandiyang'anitsitsa.

"Bwerezani zimene mwanenazo."

Ndinabwereza. Lilime linali lolemera, mawu akutuluka ngati a munthu woledzera.

"Basi, alamu. Tiima."

Ndinakana, ndipo ndinakwiya. Chodabwitsa n'chakuti mumtima mwanga ndinkaona kuti palibe vuto. Umo ndi mmene kuzizidwa koopsa kumanamizira munthu. Thupi la munthu limakhala pa madigiri pafupifupi 37, ndipo likatsika kupitirira 35 ndiye kuti zafika poopsa. Zizindikiro zake ndi kunjenjemera kosaletseka, zala zosagwira, kulankhula kokoka, kudzandira ndi kusokonezeka maganizo, moti wodwalayo amakhala womaliza kuzindikira. Madzi amachotsa kutentha m'thupi mofulumira kwambiri kuposa mpweya, pafupifupi ka 25, ndipo ngakhale munthu atatuluka m'madzi ozizira, kutentha kwa m'kati mwa thupi kumapitirirabe kutsika kwa kanthawi. Ine ndinawonjezera pamenepo nsalu ya thonje, imene imasunga madzi, ndi mphepo ya pamtsetse.

Chapatsogolo pang'ono panali tinyumba tingapo, utsi ukutuluka pa khitchini ina. Mlamu wanga anaodira, ndipo panatuluka mayi wachikulire. Anangondiyang'ana kamodzi, matope thupi lonse, n'kunena m'Chitumbuka kuti, "Njirani, adada."

Mlamu wanga anandivula malaya onyowa, kundipukuta, n'kundiveka juzi ndi chipewa zimene mkazi wanga anamupatsira mobisa atazikulunga m'jumbo. Mayi aja anandifunditsa bulangeti lawo, kundikhazika pampando chapatali pang'ono ndi moto, n'kundipatsa phala lotentha lothira shuga ndi mbatata yootcha. Anachita zonse zoyenera osawerenga buku lililonse: kuchotsa zonyowa, kutchinga mphepo, kufunditsa chifuwa ndi mutu, ndi kumwetsa chofunda chotsekemera munthu akadali wotha kumeza. Zimene siziyenera kuchitika ndi kumupatsa mowa, umene umatsegula mitsempha ya pakhungu n'kutayitsa kutentha kotsalako, kapena kumutikita mwamphamvu manja ndi miyendo. Ndipo munthu akasiya kunjenjemera koma akadali wozizira, akuodzera kapena sakuzindikira, ameneyo ndi wothamangira naye kuchipatala.

Mayiwo anafunsa kumene tinkachokera. Mlamu wanga atafotokoza kuti ndinasambira m'damu m'mawa womwewo, iwo anagwira pakamwa. Anafunsa ngati ndinagweramo. Atamva kuti ndinalowamo dala, anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje.

Tinakhala pamenepo mphindi 40. Kunjenjemera kutaleka, mlamu wanga anandiyesa. Anandiuza kuti ndimasule zingwe za nsapato ndi kuzimanganso, ndiwerenge chobwerera m'mbuyo kuchokera pa 30, ndiponso ndiyende molunjika mpaka pa mtengo wa pichesi unali pabwalo. "Mukalephera chimodzi, ulendo wathera pano, ndipo sitikambirananso," anatero. Ndinakhoza zonse. Tinathokoza kuti, "Yewo chomene, amama," ndipo makilomita otsalawo tinapalasa mofatsa, juzi ili m'thupi, potsetsereka kwambiri tikutsika n'kukankha.

Wapansi

Amene anachitapo triathlon amadziwa za miyendo imene munthu amakhala nayo akangotsika panjinga. Yanga inali ngati zipika za paini. Kilomita yoyamba ndinkakoka mapazi, nsapato zitalemera ndi matope. Yachiwiri inayamba kumasuka. Zitunda ndinkayenda, pamalo athyathyathya n'kumathamanga. Nkhungu inayamba kung'ambika, ndipo ndinaona damu lonse kwa nthawi yoyamba, lili phee pakati pa mapiri, mbalame zikuuluka pamwamba pa mabango.

Panjira ndinakumana ndi atsikana awiri atasenza mitolo ya nkhuni, wina wopanda nsapato. Anapatuka kundipatsa njira, akundiyang'ana modabwa. Zitunda zimene ine ndinazikonzekera miyezi 6, iwo amazikwera tsiku ndi tsiku ndi katundu pamutu.

Itatsala kilomita imodzi, mwana wanga anatulukira pakona akuthamanga kudzandichingamira. Sanalankhule zambiri. Anangotembenuka n'kuyamba kuthamanga pambali panga, akuchepetsa liwiro kuti ndisatsale. Patsogolo mkazi wanga anali atajambula mzere m'matope ndi kamtengo. Ndinaudutsa patatha maola 3 ndi mphindi 50 chiyambireni, kuphatikizapo nthawi ya pamoto ija. Akatswiri mtunda wotere amautha mu ola limodzi. Panalibe mendulo kapena wojambula. Panali fulasiki ya madzi otentha a mandimu ndi uchi, nthochi, mtedza wokazinga, ndi mkazi wanga akundifunsa kuti, "Nanga juzi ija mwaivala bwanji, si paja mumati mutenthedwa?"

Kwa amene angafune kuyesa

Simufunika damu kapena njinga ya magiya kuti muyambe. Kuyenda mwandawala mphindi 30 masiku asanu pa mlungu kumakwanitsa kale mphindi 150 zija. Koma ngati mtima wanu ukukokerani ku zitatu zonsezi, yambani mwayezetsa BP ndi shuga. Zolowerani madzi ofanana ndi amene mudzasambiremo, ndipo musasambire nokha kapena popanda bwato pafupi. Funsani eni dera za madziwo, chifukwa mitsinje ndi madamu ena m'dziko muno muli ng'ona, ndipo madzi odekha a mabango amatha kukhala ndi nkhono zofalitsa likodzo. Ine ndinakayezetsa patapita miyezi iwiri. Nyengo yozizira pewani malaya a thonje, nyamulani zovala zouma m'jumbo, idyani musanamve njala, ndipo mukhale ndi mnzanu amene mwamupatsa mphamvu zokuimitsani ngakhale mukukana.

Mankhwala a BP ndikumwabe, ndipo sindingawasiye popanda dokotala kunena. Koma ulendo wapitawu anandipeza ndi 134/86, ndipo lamba ndabweza mabowo awiri. Mwana wanga tsopano amandidzutsa yekha m'mawa kuti tikathamange.

Mu August tinabwerera ku Luwawa ndi mkazi wanga, titanyamula shuga, sopo ndi bulangeti latsopano. Kunali dzuwa, msewu uli fumbi lokhalokha, ndipo tinavutika kuzindikira tinyumba tija mpaka titaona mtengo wa pichesi utachita maluwa. Mayi aja anandizindikira ndisanatsike n'komwe. Atalandira katunduyo ndi manja awiri, anatembenukira kwa mkazi wanga n'kumulangiza kuti ngati bambowa sangaleke zosamba m'damu, aziwabweretsa mu October. Tinagwirizana nazo, ndipo tsikulo talemba kale pa kalendala.